Olemekezeka Ali Pakhomo

"Bodza limenelo! A Sipikala, ndunayi ikunama masanasana!"

Madamu anaima pakhomo la pabalaza, mulu wa makope a ana asukulu uli m'manja, n'kuyang'ana amuna ake. Anali chiimire pakati pa chipinda, atavala suti yakuda ndi tayi, chala chili m'mwamba. Kumapazi kunali patapata. Wailesi inali pamwamba pa kabati, ndipo nduna ya zamisewu inkangowerenga manambala ake osatekeseka.

"Bambo, mwadya?"

"Tadikirani kaye. Mwamva zimene wanenazi? Akuti milatho yonse ili bwino!"

"Ndafunsa ngati mwadya."

"Ndidya Nyumba ikapumira."

Linali tsiku lachisanu ndi chitatu chiwatulutsireni m'Nyumba ya Malamulo. Amuna akewo anali phungu, ndipo aliyense mumsewu wawo ankawatchula Olemekezeka. Madamu naye ankawatchula choncho, koma akapsa mtima basi. Mlandu wawo dziko lonse linauonera pa kanema. Nthawi yawo yolankhula itatha, Sipikala anawazimitsira chimkuzamawu ali pakati pa chiganizo, akunena za mlatho wa m'dera lawo umene madzi anakokolola. Iwo sanakhale pansi. Anachoka pampando, n'kupita kutebulo lapakati kuti amveke, ndipo dzanja lawo linakatera pa ndodo yagolide imene imagona patebulopo Nyumba ikamakambirana. Ndodo imeneyo amaigwira ndi msilikali wa Nyumba yekha, nayenso atavala magolovesi oyera. Inagubuduka pang'ono. Nyumba yonse inati zii, kenako inaphulika.

"Sindinaigwire ine," ankatero kwa aliyense wobwera kudzawazonda. "Ndinangotsamira."

Komiti yoona za mwambo sinaone kusiyana kwake. Inagamula kuti asapondenso pabwalo la Nyumbayo, ngakhale kunyumba zogona aphungu, mpaka msonkhano uno utatha. Kunali kutatsala miyezi itatu.

Tsiku limene chigamulo chinatuluka, Madamu analowa kubafa n'kudzitsekera. Achibale amene anadzaza pabalaza ankaganiza kuti akulira. Iye anangoima pagalasi, n'kupeza kuti akumwetulira, ndipo zinamutengera kanthawi kuti akonze nkhope.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi, Lolemba mpaka Lachisanu amuna ake ankakhala kulikulu. Loweruka ndi Lamlungu ankakhala kudera, m'maliro ndi m'misonkhano. Pakhomo pano ankadzerapo kudzasintha malaya. Ana awo awiri anakula, n'kuchoka. Akadwala chimfine, Madamu ankadziwira pa wailesi, pomva mawu awo atasasa.

Tsopano anali pakhomo, ndipo anali ngati mlendo waulemu. Sankadziwa kiyi wa chitseko chakuseri. Shuga ankamuika m'firiji. Foni anaizimitsa chifukwa cha atolankhani, moti m'mawa uliwonse ankamwa tiyi mpaka kumaliza kapu. Tsiku lina anamuperekeza pokwerera basi atamunyamulira makope, ndipo Madamu, amene ankadziwika kusukulu kuti sachedwa, anayenda pang'onopang'ono mpaka basi yoyamba inawasiya.

Masana amenewo kunabwera mlamu wake, mlongo wa Olemekezeka, mwini saluni ya pafupi ndi msika. Ameneyo sankagogoda.

"Iii, achimwene! Suti yonseyi mukupita kuti? Kukhitchini?"

"Ndikadali phungu ine. Sanandichotse."

"Eya, phungu wa pabalaza. Dera lanu likuyambira pa sofa kukathera pa kabati." Anadziponya pampando, n'kuvula nsapato. "Tangopepesani basi. Makasitomala anga atopa n'kundifunsa. Wina dzulo ananditi ndisatsamire pamutu pake."

"Apepese chiyani?" anatero Madamu, mawu ake akutuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. "Mlathowo anakokolola ndi iwo? Munthu alankhulire anthu ake, mumuthamangitse, kenako akugwadireninso? Bambo, musapepese."

Olemekezeka anamuyang'ana mothokoza. Mlamu wake anamuyang'ana mwamtundu wina. Anadikira mpaka ali awiriwiri kukhitchini.

"Alamu, ndale mwayamba liti?"

"Ndale zake ziti?"

"Inu amene nduna mumazisokoneza mayina? Lero mwasanduka loya." Anamuyandikira, n'kumugwira tsitsi ndi zala zodziwa ntchito. "Ndipo tsitsili mwakonzetsa kwina, simunabwere kwa ine. Mumaopa ndikufunsani kuti mukukonzera ndani."

"Tatengani makapu, alamu, tiyi akuzizira."

"Ndikutenga. Koma munthu ujayu si wosunga m'nyumba. Aphwa ngati tayala."

Kalata inabwera Lolemba m'mawa, Olemekezeka akusamba. Mesenjala wa panjinga yamoto anaima pageti, ndipo Madamu anasaina m'buku lake. Envulopuyo inali ndi chidindo cha Mlembi wa Nyumba, ndipo sinamatidwe bwino. Anaiwerengera m'basi.

Komiti inali itafewetsa mtima. Phunguyo akanatha kubwerera pampando wake ngati atapepesa pasanadutse Lachiwiri la sabata yotsatira. Anayenera kuima pa chitsulo chopingasa cha pakhomo la Nyumba, pamene pamalekezera anthu osakhala aphungu, n'kuwerenga mawu amene komiti inamulembera. Mawuwo anali patsamba lachiwiri, ziganizo zisanu zokha. Anayenera kuwawerenga momwe analembedwera, osachotsapo, osaonjezerapo ngakhale liwu limodzi. Akaphonya, miyezi itatu ija ikhala momwemo.

Madamu anapinda kalatayo n'kuilowetsa pakati pa kaundula wa kalasi yake. Sanaganize zoibisa ayi. Anangoti awapatsa madzulo.

Madzulo anapeza amuna ake atagwada kuchipinda, akukonza chitseko cha wadirobu chimene chinakhala chikulendewera zaka zinayi. Anachikhomera mozondoka, ndipo awiriwo anaseka mpaka kukhala pansi. Imeneyo sinali nthawi ya makalata. Lachiwiri kunagwa mvula, ndipo anamuchingamira pokwerera basi ndi ambulera. Kalata inagonanso m'kaundula, pakati pa mayina a ana a zaka zisanu ndi chimodzi.

Lachitatu anafika pakhomo wailesi ili pa nthawi ya mafunso. Ulendo uno Olemekezeka sanaimirire. Anakhala kumapeto kwa sofa, fayilo yabuluu ili pamaondo. Madamu ankaidziwa fayiloyo. Munali funso lawo la mlatho, limene analipereka kwa Mlembi miyezi isanu ndi itatu yapitayo, n'kumadikira kuti lifike pamndandanda. Munalinso zithunzi za ana akuwoloka mtsinje atasenza mayunifomu pamutu.

"Funso lachisanu ndi chiwiri," anatero Sipikala pa wailesi, n'kuitana mwini funsolo.

Olemekezeka anagwira m'mbali mwa sofa ngati akufuna kudzuka.

Sipikala anaitananso. Wina patali anafuula kuti, "Akutsamira kunyumba!" ndipo kunamveka kuseka.

"Mwini funso palibe. Funso lagwa. Tipite ku funso lachisanu ndi chitatu."

"Sangafunse wina m'malo mwanu?" anafunsa Madamu.

"Funso amafunsa mwini wake, ataima pamalo pake." Ananena motsitsa, ngati akuuza mwana. Kenako anadzuka, n'kuzimitsa wailesi. Anamasula tayi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pamwamba pa fayilo.

Madamu anakhala akulakalaka wailesi imeneyo itatseka pakamwa. Tsopano inali chete, ndipo m'nyumba munamveka firiji yokha. Anawapangira tiyi. Iwo anati zikomo kawiri, koma sanamukhudze. Anakhala akuyang'ana khoma, manja ali pamaondo, ngati munthu wodikira pa benchi ya chipatala. Anali pafupi moti akanatha kuwagwira phewa osadzuka, koma aja ankafuula pabalaza atavala patapata anali pafupi kuposa awa.

"Kuseri kuja kuli malo," anatero patapita nthawi. "Mwina ndiyambe kuweta nkhuku."

Madamu anapita kuchipinda, n'kutsegula kaundula.

Atawapatsa kalatayo, Olemekezeka anaiwerenga kawiri. Kenako anatembenuza envulopu, n'kuyang'ana chidindo cha tsiku.

"Yafika liti?"

"Lolemba."

"Lolemba lapitali? Ndikanapita dzulo, lero ndikanakhala..." Anayang'ana fayilo, kenako mkazi wawo. "Munaiwala?"

Bodza linali pafupi, ndipo iwo anali atamutsegulira khomo lake. Madamu anapukusa mutu.

"Sindinaiwale."

"Nanga?"

"Munandichingamira ndi ambulera," anatero. "Chikhalireni simunandichingamirepo."

Anadikira kuti akalipe. Munthu amene ankatha kulankhula mphindi makumi awiri osapuma anangodzuka. Anatuluka panja, n'kukaima kuseri kuja kumene ankati kukhale nkhuku. Madamu ankawaona pawindo la kukhitchini, manja ali m'matumba. Anakhalako mpaka mpunga unapsa. Atabwerera anakhala patebulo, n'kuyala tsamba lachiwiri lija.

"Ziganizo zisanu," anatero. "Zimenezi ndi zophweka."

"Tawerengani."

Anakonza kukhosi. "A Sipikala, pa tsiku lija ndinachoka pampando wanga popanda chilolezo. Ndinagwira ndodo ya Nyumba ino, kapena tinene kuti ndinaitsamira, poti..."

"Mwaonjezera."

"Ndangofotokoza."

"Mwaonjezera mawu asanu. Miyezi itatu."

Anayambiranso. Pa ndodo anadutsa bwino, koma atafika pa "Ndinalakwa" anapitiriza okha kuti, "ngakhale kuti aliyense woganiza bwino akudziwa kuti mlatho uja..." ndipo anaima, n'kudzigwira pakamwa.

"Madamu, sindikuchita dala. Zikungotuluka."

"Ndikudziwa. Ndili nawo atatu otere m'kalasi. Amawerenga chithunzi m'malo mwa mawu."

Kuyambira Lachinayi, akaweruka kusukulu, pabalaza pankasanduka Nyumba ya Malamulo. Madamu ankapingasa tsache pamipando iwiri kuti likhale chitsulo cha pakhomo chija. Iye ankakhala kumutu kwa tebulo, rula ili m'manja. Olemekezeka ankaima kuseri kwa tsache, pepala lili m'manja.

"Chala pansi pa liwu lililonse. Maso asachoke papepala. Mukafika pa mpumiro, tsekani milomo, mezani malovu, kenako chiganizo china."

"Ndimeze malovu pamaso pa dziko lonse?"

"Dziko lonse linakuonani mukugubuduza ndodo. Malovu si nkhani."

Akaphonya, rula inkagunda tebulo. "Phungu wa pabalaza akhale pansi!" Iwo ankawerama mwaulemu n'kuti, "Ndamva, a Sipikala," ndipo tsiku lina anaonjezera kuti Sipikala ameneyu ndi wokongola kuposa uja wa kulikulu, mwakuti Nyumba inaimitsa zokambirana kwa kanthawi.

Loweruka mlamu wake anadzakhala mbali yotsutsa. Ntchito yake inali kuwaputa.

"Wabodza! Munangotsamira inu! Achimwene, dzitetezeni! Mulola akunamizireni?"

Olemekezeka anagwa mumsampha kanayi konse. Ulendo wachisanu anadutsa, thukuta lili kamukamu, ndipo mlongo wawo anaomba m'manja.

"Alamu, mwachita zimene amayi athu analephera." Potuluka anakokera Madamu pambali. "Koma inuyo ndinu wodabwitsa. Mbuzi mwainenepetsa nokha, mukukaiperekanso nokha kumsika."

"Tsalani bwino, alamu."

"Ndine ndikupita, inu ndi amene mukutsala." Ananena moseka, koma anamufinya dzanja asanalisiye.

Lamlungu masana anawerenga kasanu, n'kuphonya kamodzi kokha. Anapinda pepala, n'kukhala pampando umodzi wa tsache lija.

"Mukukumbuka ndinkaima pawindo la kalasi yanu?" anatero. "Nthawi ija ndili kalaliki ku positi ofesi. Ndinkanamizira kubweretsa makalata a sukulu, chonsecho ndikufuna kumva mukuphunzitsa a, e, i, o, u."

"Ahedi ankati ndinu wakuba njinga."

"Ndinkadziwa ndandanda yanu yonse pamtima." Anaseweretsa pepala lija m'manja. "Madamu, tandiuzani zoona. Mukufuna ndisapite?"

Madamu anayang'ana rula yake. Kamodzi pa kasanu. Akanatha kunena kuti zatheka, akapume. Kulikulu kukakhala aphungu zana owaputa, osati mlongo mmodzi, ndipo kamodzi kameneko kakanakwana. Palibe akanamuloza chala. Amuna ake akanabwerera ndi sutikesi yawo Lachitatu, n'kukhala mpaka mvula itatha. Akanamangadi khola la nkhuku, mwinanso mozondoka. Anaziona zonsezo bwinobwino, mpaka mtundu wa nkhukuzo. Anawaonanso atakhala kumapeto kwa sofa, tayi itapindidwa, akunena zikomo kawiri.

"Ndikufuna muwerenge bwino," anatero. "Imirirani. Kakhumi kotsatizana osaphonya, ndiye tidye."

Anawerenga mpaka mawu anayamba kusasa. Kakhumi kanakwana dzuwa litapendeka.

Ananyamuka Lolemba m'mawa. Madamu anawasitira malaya asanu, monga ankachitira zaka zonsezi. Pageti Olemekezeka anayatsa foni, ndipo inayamba kulira nthawi yomweyo. Anamutsanzika ndi dzanja limodzi, lina lili kukhutu.

Lachiwiri ana ataweruka, Madamu anatsala yekha m'kalasi. Anakhala pa kampando kakang'ono ka mwana, chifukwa pafupi ndi windo ndi pamene wailesi ya pafoni inkagwira bwino. Anatsegula kope loyamba, cholembera chofiira chili m'manja.

Sipikala analengeza kuti pali phungu amene waima pakhomo ndipo ali ndi mawu. Kunamveka mipando ikukwekwesa.

"A Sipikala," anayamba amuna ake. Mawuwo ankamveka patali, aang'ono. "Pa tsiku lija ndinachoka pampando wanga popanda chilolezo."

Chete pang'ono.

"Ndinagwira ndodo ya Nyumba ino."

"Munangotsamira, akulu!" anafuula wina. "Nenani zoona!" Ena anaseka, ena anamenya matebulo. "Nanga mlatho? Mwauiwala mlatho?"

Amuna ake sanapitirize. Mphindi inatalika. Madamu anapeza kuti cholembera chaima pakati pa tsamba, inki ikufalikira pa dzina la mwana. Milomo yake inkagwedera ngati akupemphera, koma akanafunsidwa chimene ankapempha sakanayankha.

Kenako, pansi pa phokoso lonselo, chimkuzamawu chinatola kamawu kakang'ono ka munthu akumeza.

"Ndinalakwa. Ndikupepesa kwa inu ndi kwa Nyumba yonse. Sindidzabwerezanso."

"Nyumba yamva," anatero Sipikala. "Msilikali atsegule. Phungu akhale pampando wake."

Matebulo anagunda ngati mvula padenga la malata. Madamu anatenga kapepala n'kuyamba kupukuta inki ija, koma inangofalikira. Asanamalize makope atatu, anamva mawu amene ankawadziwa, ulendo uno aakulu, odzaza chipinda chonse.

"A Sipikala, ndaima! Funso lachisanu ndi chiwiri linagwa ine kulibe. Ndikupempha libwezeretsedwe pamndandanda, chifukwa ana aja akuwolokabe mtsinje pamene ife takhala pano pouma!"

"Phungu wangobwera kumene, asayambe kutentha mpando. Funso lidzafunsidwa Lachitatu la sabata yamawa."

Madamu anazimitsa wailesi. Anachonga makope otsalawo mpaka lomaliza, n'kufufuta bolodi, n'kutseka mawindo. Pobwerera anadzera ku ofesi ya ahedi, amene anawapeza akutseka kabati.

"Ahedi, ndikupempha tsiku limodzi. Lachitatu la sabata yamawa."

Ahedi anavula magalasi. "Inuyo? Chibwerereni pasukulu pano simunapemphepo tsiku."

"Ndiye ndayamba."

"Mukupita kutali?"

"Kulikulu. Akuti m'Nyumba muja muli mipando ya alendo, m'mwamba. Munthu umangokhala, osalankhula, osaomba m'manja."

"Ndiye mukakwanitsa, inu mphunzitsi, kukhala chete anthu akusokosera?" Anatulutsa fomu m'dirowa, n'kufunafuna cholembera. "Apa pakufunika chifukwa. Ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti ndikukaona amuna anga."

Ahedi anakweza maso. "Pepani. Adwala?"

"Ayi," anatero Madamu, akukoka fomuyo kuti asaine. "Achira."